Metformin: mayankho a mafunso amene akutipeza pakliniki ya shuga

Mzere wa pawindo la mankhwala ukutalika chifukwa mafunso omwewo akubwera tsiku lililonse la kliniki, ndipo ena mwa inu mwabwerera kunyumba mutakhumudwa. Mayankhowa talembera akuluakulu odwala shuga wa mtundu wachiwiri amene amamwa mapiritsi a metformin, ndipo sakusintha zimene dokotala walemba m'buku lanu.

Ndizimwa nthawi yanji?

Pakudya kapena mukangomaliza kudya, osati m'mimba muli njala.

Ndaiwala kumwa m'mawa. Ndimwe onse pamodzi madzulo?

Ayi. Imwani a madzulo okhawo.

Chiyambireni kumwa ndikutsegula m'mimba. Mwatipatsa otha ntchito kodi?

Ayi. Nseru, kutsegula m'mimba ndi kumva kachitsulo m'kamwa zimachitikira ambiri poyamba, ndipo kawirikawiri zimatha pakapita milungu ingapo. N'chifukwa chake timayamba ndi piritsi limodzi la 500 mg n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Zikapitirira bwerani, musangosiya mwakachetechete.

Mnzanga amalandira mapiritsi anayi patsiku, ine awiri okha. Si tsankho limeneli?

Funsoli limabwera ndi mkwiyo, ndipo ena afika ponena kuti timasungira achibale athu. Si choncho. Metformin amatuluka m'thupi kudzera mu impso. Impso zikafooka amaunjikana m'magazi, ndipo angayambitse vuto lotchedwa lactic acidosis, losowa koma lakupha. Zotsatira za kuyeza impso, zija timalemba kuti eGFR, zikakhala pakati pa 30 ndi 45 timachepetsa mlingo, zikatsika pansi pa 30 sitipereka n'komwe.

Chifukwa china ndi ma ARV. Amene ambiri akumwa kuno kuyambira 2019 muli dolutegravir, amene amachulukitsa metformin m'magazi, choncho womwa zonse ziwiri kawirikawiri sapitirira 1,000 mg patsiku pokhapokha dokotala ataona mwina. Mvetsani bwino apa: wogawa mankhwala sangakufotokozereni izi pawindo anthu ali pambuyo panu, ndiponso sangakuuzeni za matenda a mnzanu. Akangoti "kafunseni dokotala" si mwano, akusunga chinsinsi. Ndipo wolandira mapiritsi ochepa musamuganizire kuti ali pa ma ARV, zifukwa n'zambiri, kuphatikizapo ukalamba ndi mmene shuga wake akutsikira.

N'zoona kuti si nthawi zonse pamene labu imatha kuyeza impso. Zikatero dokotala angasankhe mlingo wochepa kufikira zotsatira zitapezeka. Tikudziwa kuti kudikirako kumatopetsa.

Mankhwala a boma ndi aulere. Nanga bwanji mumatiuza kukagula?

M'chipatala cha boma simuyenera kulipira metformin, ndipo wogwira ntchito aliyense wokupemphani ndalama mukamunene kwa oyang'anira chipatala. Koma ilipo miyezi imene timalandira ochepa kapena atithera, ndipo kliniki ilibe mphamvu pa zimenezo. Pamenepo timakulemberani kuti amene angathe akagule, sitikakamiza. Ndalama yogulira sitibweza. Gulani ku famase yovomerezedwa ndi bungwe la boma loona za mankhwala la PMRA, osati pamsika, ndipo onani nambala ya pabokosi, pakuti alipo a 500 mg ndi a 850 mg. Ngati mulibe ndalama tiuzeni, dokotala aone chochita. Kubwereka a mnzanu kapena kumwa modumphitsa masiku kuti akhalitse n'koopsa.

Ndi liti pamene ndiyenera kuyamba ndasiya kumwa?

Mukamasanza kapena kutsegula m'mimba kwambiri moti madzi akutha m'thupi, monga nthawi ya kolera. Siyani, imwani madzi ambiri ndi Thanzi ORS, ndipo fikani kuchipatala tsiku lomwelo. Nenaninso kuti mumamwa metformin musanachitidwe opaleshoni kapena kujambulidwa kofuna kubaya mankhwala mumtsempha. Kachasu ndi mowa wambiri sizigwirizana ndi metformin. Bulufeni ndi diclofenac zimalemetsa impso, musamangogula.

Kodi angagwetse shuga mpaka kukomoka?

Paokha sizichitikachitika. Koma ambiri mumamwanso glibenclamide kapena kubaya insulin, ndipo amenewa amagwetsadi mukadumpha chakudya. Mukamva thukuta, njenjenje ndi chizungulire, sungunulani masupuni atatu aang'ono a shuga m'madzi, imwani, kenaka idyani. Ofuna kusala kudya, pa Ramadan kapena kutchalitchi, abwere tikambirane kusalako kusanayambe.