Agogo akati "andibera ndalama", fufuzani kaye

Matenda oiwalaiwala, amene achipatala amati dimenshiya, si ukalamba chabe ndiponso si ufiti. Ubongo umawonongeka pang'onopang'ono, ndipo mwa odwala 10 alionse, 6 kapena 7 amakhala ndi mtundu wa Alzheimer. Kawirikawiri zizindikiro zimayamba kuonekera pa ndalama: mayi amene akhala akugulitsa mumsika wa Mzuzu kwa zaka ayamba kusokoneza chenji, bambo alipira bilu ya madzi kawiri kapena aiwala PIN imene ankaidziwa pamtima.

Chovuta n'chakuti wodwalayo amabisa ndalama kunsi kwa matiresi kapena m'chitini cha shuga, n'kuiwala, kenako n'kuloza chala mdzukulu. Zikachitika kangapo apabanja amazolowera, amangoti "Asiyeni, mutu sukugwira." Wakuba weniweni amabisala m'mawu amenewo. Nthawi zambiri sakhala mlendo ayi, koma amene amawasungira foni, amene amawaperekeza kukatenga penshoni kapena Mtukula Pakhomo, kapena wachibale amene wangotulukira ndi mapepala ogulitsira puloti ku Chiputula kuti agogo adinde chala.

Ndiye musawatsutse, komanso musathamangire kukalipira mwana wantchito. Yambani mwafufuza m'malo amene amakonda kubisamo zinthu. Zikapanda kupezeka, onani mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba m'foni yawo. Ndalama zotapidwa usiku, zotumizidwa ku nambala imodzimodzi mobwerezabwereza, kapena mauthenga ofufutidwa pamene ena onse alipo, zimenezo si kuiwala. Kubanki pitani nawo eni akewo mukapemphe sitetimenti.

Ndalama za wodwala zisakhale m'manja mwa munthu mmodzi, ngakhale akhale mwana woyamba kubadwa. Wina azitapa ndi kugula, wina aziona kope limene mwalembamo tsiku, ndalama zotuluka ndi zimene zagulidwa, malisiti atamatidwa pomwepo. Achibale a ku Lilongwe kapena ku Joni muziwajambulira tsambalo pa WhatsApp mwezi ukatha. Chiphaso cha unzika, khadi ya kubanki ndi mapepala a malo zitsekeredwe, chifukwa ndi chiphaso chimenecho munthu angawatengere ngongole. Komabe musawalande zonse. Asiyireni ndalama zochepa za chopereka ndi sopo. Munthu wamkulu akasowa ndi kobiri lomwe m'thumba, kukayikira abale kumakula.

Wilo ndi kalata yopatsa wina mphamvu zoyendetsa chuma zilembedwe msanga, pamaso pa loya, mwiniwake akadamvetsa zimene akusainira. Zosainidwa matenda atakula zimatha kutsutsidwa kukhoti, koma mlandu wake ndi wautali, pulotiyo n'kukhala kuti wina wamangapo kale.

Kuchipatala musachedwe. Munthu akasokonezeka mwadzidzidzi, m'masiku awiri kapena atatu, nthawi zambiri pamakhala china, monga malungo, matenda a m'chikhodzodzo, shuga kapena mankhwala amene akumwa, ndipo zimenezo zimachizika. Ku Mzuzu Central Hospital ndi ku St John of God, chipatala cha matenda a m'maganizo ku Mzuzu komweko, angawaunike. Tengani buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala onse. Ngati umboni wa kuba ulipo, pitani nawo ku Victim Support Unit kupolisi kapena ku ofesi ya Social Welfare. Wina akayamba kuwanena agogowo kuti ndi mfiti, makamaka pamene pali mkangano wa malo, kanenaninso zimenezo, popeza kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo la Witchcraft Act la 1911.