Zitseko ziwiri za malamulo aakulu a Zambia

Mayi wina wogulitsa kapenta ku msika wa Soweto mu Lusaka, amene ndinkamuthandiza pa mlandu wa nyumba ya malemu amuna ake, anandifunsa funso losakhudza mlanduwo n'komwe. Tili pa benchi la kukhoti anati: "Inu a loya, buku lanu lija mumati ndi lalikulu kuposa pulezidenti, nanga bwanji boma lililonse likalowa limalisintha? Wamkulu ndani pamenepa?" Dzina lawo linaitanidwa ndisanawayankhe bwino, ndipo funsolo lakhala likundisowetsa mtendere.

Buku lomwe mayiwo ankanena ndi la malamulo aakulu oyendetsera dziko. Ndime yake yoyamba imati lamulo lililonse losemphana nalo, ngakhale mwambo, ndi lopanda mphamvu. Bukuli ndilo limagawa boma patatu. Pulezidenti ndi nduna zake amayendetsa dziko. Aphungu a ku Nyumba ya Malamulo, pa Manda Hill paja, amapanga malamulo ndi kuvomereza bajeti; pa chisankho cha 2021 tinasankha aphungu 156, ndipo pulezidenti anali ndi mphamvu yowonjezerapo ena osapitirira 8. Kenako pali makhoti, kuyambira Local Court ya m'komboni mpaka kumwamba komwe Supreme Court ndi Constitutional Court ali pa msinkhu umodzi. Chimodzi chomwe ine sindigwirizana nacho n'chakuti nduna zimatengedwa pakati pa aphungu. Munthu yemweyo akhala m'kabineti m'mawa, masana akhala m'nyumba yomwe ntchito yake ndi kufunsa kabinetiyo mafunso ovuta. Ovota tikamadabwa kuti aphungu a chipani cholamula satsutsa kanthu, gwero lake lina ndi limenelo.

Koma yankho la funso la mayi aja lili pa ndime 79, yomwe imafotokoza kasinthidwe ka bukuli. Pali zitseko ziwiri. Choyamba n'cha aphungu: bilu (lamulo lomwe likuganiziridwa) isindikizidwe mu Gazette, chikalata cha zidziwitso za boma, masiku osachepera 30 isanawerengedwe koyamba, kenako magawo awiri mwa atatu a aphungu onse aivomereze poiwerenga kachiwiri ndi kachitatu. Chitseko chachiwiri n'cha anthu eniake. Gawo lachitatu la bukuli, lonena za ufulu wachibadwidwe, pamodzi ndi ndime 79 yomweyo, silingakhudzidwe popanda riferendamu (voti ya anthu onse pa funso la inde kapena ayi), ndipo ovomereza ayenera kukwana theka la anthu onse oyenera kulembetsa mavoti, osati theka la okhawo omwe apita kukavota. Mbiri yathu yonse ndi nkhani ya zitseko ziwirizi.

Malamulo omwe tinalandira nawo ufulu pa 24 Okutobala 1964 anachokera ku London, ndipo ndime zake zina zinali zotsekeredwa ndi riferendamu. Mu Juni 1969 boma la chipani cha UNIP linapempha anthu kuti avomereze kuchotsa chotchinga chimenecho, anthu anavomera. Kiyi yonse inapita kwa aphungu. Patangopita zaka zitatu, komishoni ya a Mainza Chona inatumidwa kukafunsa anthu momwe ulamuliro wa chipani chimodzi ungayendere. Funso loti kodi anthu akuufuna ulamulirowo silinali pa ntchito yomwe inapatsidwa. Mu Disembala 1972 Zambia inakhala dziko la chipani chimodzi, ndipo malamulo atsopano anabwera mu 1973. Akuluakulu a ku Matero ndi ku Chilenje amakumbukira mapepala ovotera a nthawi ija: pa mpando wa pulezidenti panali dzina la a Kenneth Kaunda lokha, wovota ankangoti inde kapena ayi.

Zinasintha mu 1990. Mtengo wa unga utakwera mu Juni, mu Lusaka munabuka zipolowe, ndipo mu Julaye msonkhano wa ku hotela ya Garden House unabala MMD, gulu lomenyera ulamuliro wa zipani zambiri. Mu Disembala chaka chomwecho aphungu anafafaniza ndime 4 yomwe inkaletsa zipani zina. Malamulo a 1991, omwe anatsatira komishoni ya a Patrick Mvunga, anaika malire a matemu awiri a pulezidenti, ndipo ndiwo tsinde la buku lomwe tili nalo lero.

Achewa amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mu 1996 amene anamva m'mimba anali boma la a Frederick Chiluba. Komishoni ya a John Mwanakatwe inalangiza kuti malamulo atsopano adutse kwa anthu, koma boma linakana n'kudzera chitseko cha aphungu, komwe MMD inali ndi mipando yokwanira. Linaikamo ndime yoti wopikisana pa upulezidenti akhale ndi makolo onse awiri a dziko lino mwa kubadwa kapena kudzera mwa makolo awo. Makolo a a Kaunda anachokera ku Nyasaland, choncho munthu amene analamulira dziko zaka 27 anapezeka wosayenera kuyima, ndipo UNIP inanyanyala chisankho. Kwa ife a kum'mawa ndime ija inali yowawa mwapadera. Anthu a Kalonga Gawa Undi ali ku Katete, ku Mchinji ndi ku Tete. Mabanja angati ku Chipata alibe agogo a tsidya lina la malire? Lamulo lolembedwera munthu mmodzi linagwera ana ambirimbiri omwe sanadziwe n'komwe kuti akukhudzidwa.

Sindikunena kuti chilichonse chodzera mwa aphungu n'choipa. Kusintha kwa 2016, komwe a Edgar Lungu anasainira pa bwalo la Heroes pa 5 Januwale, kunakonza mavuto enieni. Mu 2001 a Levy Mwanawasa anapambana ndi mavoti osakwana 30 pa 100 alionse. Tsopano wopambana ayenera kupitirira theka, apo ayi awiri otsogola abwereza. Mwanawasa atamwalira mu 2008 ndi a Michael Sata mu 2014, dziko linakakamizika kuchititsa zisankho zapadera zodya ndalama zambiri. Tsopano pulezidenti amayima limodzi ndi wachiwiri wake, yemwe amamaliza temu ngati mwini wake wamwalira. Tsiku lovota linakhazikika, Lachinayi lachiwiri la Ogasiti zaka zisanu zilizonse, moti wolamula sangalisunthe mwa kufuna kwake. Ndime ya makolo ija inachoka. Constitutional Court inabadwa nthawi yomweyo, ndipo chaka chisanathe inalamula nduna zomwe zinakhalabe m'maofesi Nyumba ya Malamulo itathetsedwa kuti zibweze malipiro. Chitseko cha aphungu nacho chimatha kukana: mu Okutobala 2020 Bilu 10, yomwe inkafuna kusintha malamulo aakulu, inagwa itapeza mavoti 105 pomwe ofunika anali 111.

Chitseko chachiwiri ndicho chimandidetsa nkhawa. Pa 11 Ogasiti 2016, tsiku lomwelo la chisankho chachikulu, tinapatsidwanso pepala la riferendamu. Gawo latsopano la ufulu linkafuna kuwonjezera zinthu zomwe mayi wa ku Soweto angazimve msanga: ufulu wa chithandizo cha kuchipatala, madzi abwino, chakudya, pogona ndi maphunziro. Ambiri mwa omwe anavota anati inde, koma sanafike 2 miliyoni, pomwe ofunika anali opitirira 3 miliyoni ndi theka. Funso linali lalitali, lophatikiza nkhani ya ufulu ndi kusintha ndime 79, ndipo poti linayenda limodzi ndi kampeni, anthu analiona ngati la chipani. Aliyense amene anakhala kunyumba tsiku lija anawerengedwa ngati wakana.

Zotsatira zake n'zakuti ndime zonena za mipando zasinthidwa kangapo, koma gawo lonena za inu ndi ine likadali momwe linalembedwera mu 1991. Mayi wa ku Kanyama amene mwana wake wadwala kolera chifukwa cha madzi a pachitsime alibe ndime m'gawo lachitatu yonena za madzi yomwe loya angaimepo m'khoti. Taonaninso chilango cha imfa. Mu Disembala 2022 a Hakainde Hichilema anasaina lamulo lochichotsa m'malamulo a milandu, koma ndime 12 ya buku lalikulu ikunenabe kuti moyo ungachotsedwe potsatira chigamulo cha khoti. Mawuwo aphungu sangawafufute okha, moti Nyumba ina yam'tsogolo ikhoza kubwezeretsa chilangocho ndi lamulo wamba.

Ine sindikufuna kuti chotchinga cha riferendamu chichotsedwe. Tinaona mu 1969 komwe njira imeneyo inatifikitsa. Chomwe ndikufuna ndi riferendamu ya tsiku lakelake, kutali ndi kampeni, ya funso limodzi lalifupi lomasuliridwa m'Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi ndi zilankhulo zathu zina. Pakadali pano, mukamva pa wailesi kuti bilu yosintha malamulo aakulu yatuluka mu Gazette, dziwani kuti masiku 30 aja ayamba kuwerengedwa. Komiti ya aphungu imalandira maganizo a anthu, ndipo phungu wanu ali ndi ofesi m'dera lanu momwemo. Pitani mukamufunse ndime zomwe zikusinthidwa, ndiponso kuti adzavota bwanji.