Chifukwa chake wailesi imakuwa chigoli TV isanachionetse

Tsiku limene Maule ndi Manoma akumana pa Kamuzu Stadium, ku Ndirande chigoli chimodzi chimakuwidwa kawiri. Oyamba kudzuka ndi amene akumvera pa wailesi. Amene akuonera pa TV amamva mfuwu kwa aneba mpira udakali pa phazi la womenya kona, kenako nawonso n'kulumpha. Bambo wina anafika pa shopu yanga ku Limbe atakulunga dikoda m'jumbo, akudandaula kuti yayamba kuchedwa ndipo akufuna ndiikonze. Ndinaitsegula, ndinayeza zonse, ndipo inalibe vuto. Kuchedwako ndi mmene inapangidwira.

Nthawi ina imathera panjira. Setilaiti ya TV imakhala pa mtunda wa makilomita 35,786 kuchokera pansi, choncho kukwera ndi kutsika kokha kumadya pafupifupi kota ya sekondi. Koma nthawi yambiri imathera m'malo amene chithunzi chimaima n'kudikira. Malo amenewa amatchedwa buffer, ndipo ndi kachipangizo ka memory, kakuda, kamiyendo yambiri, kamene amisirife timangokatchula kuti IC. Kali m'dikoda, kali m'TV, kali m'bokosi lojambula la makamera a CCTV, kalinso ku situdiyo kumene chithunzicho chikuchokera.

Ntchito yake mwaionapo kale kuchigayo. Mayi amakhuthula ndowa yonse ya chimanga kamodzi m'chitsulo chija chonga beseni, koma chigayo sichimeza ndowa yonse nthawi imodzi. Chimadya pang'onopang'ono, pa liwiro lake. Chitsulo cholandiriracho ndicho chimagwirizanitsa wothira ndi chigayo. Mukathira mopitirira, chimanga chimatayikira pansi. Mukachedwa kuthira, chigayo chimalira chopanda kanthu. Buffer ndi chitsulo cholandirira chimenecho, ndipo mavuto ake aakulu ndi awiri omwewo, kusefukira ndi kuuma.

Kuti mumve chifukwa chake kanthuka kali kofunika, taonani kuchuluka kwa zimene zimadutsamo. Television Malawi itayamba kuulutsa mu 1999 inkagwiritsa ntchito njira ya PAL: mizere 625, imene 576 ndiyo imaoneka, ndi zithunzi 25 pa sekondi. Chithunzi chotere chikasandutsidwa manambala, motsatira muyezo wa BT.601 umene unakhazikitsidwa mu 1982, mzere uliwonse umakhala ndi timadontho 720. Timadontho 720 kuchulukitsa ndi mizere 576 ndi timadontho 414,720. Kadontho kalikonse kamafuna mabayiti awiri (bayiti ndi muyezo wa malo osungira nambala m'memory), limodzi la kuwala ndi lina la mtundu, ndiye chithunzi chimodzi chokha ndi mabayiti 829,440. Pa sekondi imodzi zimapitirira mabayiti 20 miliyoni. Apa tikunena za chithunzi chakale chija. Cha HD chili ndi timadontho 1920 m'mizere 1080, kutanthauza 2,073,600, ndipo pofika pa sikirini, pamene kadontho kalikonse kali ndi mabayiti atatu a kufiira, kubiriwira ndi buluu, chithunzi chimodzi chimapitirira mabayiti 6 miliyoni. Cha 4K ndi kanayi kuposa pamenepo.

TV zakale zija zachimsana chachikulu zinalibe nkhokwe yosunga chithunzi chathunthu. Mzere ukangofika kuchokera ku eriyo unkalembedwa pagalasi pomwepo. Chimene zinali nacho ndi kagalasi kakang'ono kamene kankachedwetsa mtundu wa mzere umodzi wokha, nthawi yokwana magawo 64 mwa magawo miliyoni a sekondi, kuti uyerekezedwe ndi wa mzere wotsatira n'kuwongola mitundu. Ndikatsegula TV yotere masiku ano ndimayamba ndakayang'ana kagalasi kameneka, chifukwa maganizo onse a buffer anayambira pa zinthu ngati zimenezi: sunga pang'ono, udzagwiritse ntchito pa nthawi yake.

Kusunga chithunzi chonse kunali kodula koopsa. Robert Dennard wa ku IBM ndiye anatulukira memory ya mtundu wa DRAM mu 1966, ndipo mu 1970 kampani ya Intel inatulutsa IC yotchedwa 1103, imene inkasunga mabiti 1,024 (biti ndi nambala imodzi, 1 kapena 0, ndipo mabiti 8 amapanga bayiti), omwe ndi mabayiti 128 okha. Kuti musunge chithunzi chimodzi cha PAL chija mukanafunika ma IC amenewa okwana 6,480. Lero zonsezo zimalowa m'kachigawo kochepa ka IC imodzi yaing'ono ngati chikhadabo.

Vuto lenileni limene buffer imathetsa ndi la mawotchi. Chipangizo chilichonse cha kanema chili ndi kawotchi kake m'kati, kamwala kotchedwa crystal kamene kamanjenjemera kambirimbiri pa sekondi, ndipo timadontho timasuntha motsatira kugunda kwake. Pa zipangizo za muyezo wakale uja, kugundako ndi ka 27 miliyoni pa sekondi. Koma palibe mawotchi awiri amene amayenda ndendende. Ya kamera ikhoza kufulumira pang'ono kwambiri kuposa ya sikirini. Kusiyanako n'kochepa moti munthu sangakuone, koma papang'ono papang'ono ndi mtolo: pakapita mphindi zingapo, wothira wapitirira kapena watsalira. Ku situdiyo, kumene amasakaniza zithunzi za kamera ya kubwalo ndi za m'chipinda choulutsira, vutoli limakula, poti gwero lililonse likuyendera wotchi yake. Chipangizo chotchedwa frame synchronizer chimalemba chithunzi m'memory pa wotchi ya kumene chachokera, n'kuchiwerenga pa wotchi ya situdiyo. Nkhokwe ikayandikira kudzaza chimataya chithunzi chimodzi, ikayandikira kuuma chimabwereza chimodzi. Pa zithunzi 25 pa sekondi, diso silizindikira.

IC imene ndimakonda kusonyeza anyamata ndi atsikana obwera kudzaphunzira ntchito ndi AL422B, yopangidwa ndi kampani ya AverLogic. Ndi yakale, koma imaonetsa zonse poyera. Ili ndi miyendo 28 ndipo imasunga mabayiti 393,216. Mbali ina kuli miyendo 8 yolowera, mbali ina 8 yotulukira, ndipo khomo lililonse lili ndi mwendo wa wotchi yake. Chodabwitsa kwa wophunzira n'chakuti ilibe miyendo ya adiresi. Simungaiuze kuti ikupatseni kadontho ka pakati. Imayendera lamulo la FIFO, lomwe ndi la pamzere wa kuchigayo lija: thumba lofika koyamba ndilo loyamba kugayidwa. M'kati mwake muli zolozera ziwiri, china chosonyeza pamene wolemba wafika, china pamene wowerenga wafika. Chithunzi chatsopano chikamayamba, kamera imagunda mwendo umodzi umene umabweza cholozera cha wolemba pachiyambi. Wowerenga naye ali ndi mwendo wake wobwezera.

IC imeneyi mumaipeza kumbuyo kwa kakamera kotchipa ka OV7670, kamene ophunzira zamagetsi amakalumikiza ku kakompyuta kakang'ono kotchedwa Arduino. Kamerayo imalavula timadontho mofulumira kuposa mmene Arduino ingawerengere, ndiye AL422B imalandira chithunzi chonse kamodzi, Arduino n'kumatapa pang'onopang'ono. Apa pali msampha umene wagwira ambiri. Kamerayo imajambula timadontho 640 m'mizere 480, omwe ndi 307,200. Pa bayiti limodzi kadontho, chithunzi chimakwana. Mukafuna chamitundu, cha mabayiti awiri, chimafuna 614,400, ndipo sichikwana. Cholozera chimazungulira n'kuyamba kulemba pamwamba pa zimene zinalembedwa kale, wophunzira n'kumaona munsi mwa chithunzi muli kumutu. Mankhwala ake ndi kutsitsa chithunzi kufika pa 320 ndi 240. Ndimawauza kuti asanagwire chowotcherera ayambe awerengera papepala.

Nanga zolozera ziwiri zija zikakumana? Tiyerekeze kuti wowerenga wafika pakati pa chithunzi, wolemba n'kumupitirira. Theka la pamwamba pa sikirini lidzakhala la chithunzi chakale, la pansi la chatsopano. Ngati kamera ikutsatira wosewera amene akuthamanga, mudzaona chithunzi chitang'ambika chopingasa, mutu uli kwina miyendo kwina. Pofuna kupewa zimenezi opanga amagawa memory pawiri. Wolemba amadzaza mbali imodzi pamene wowerenga akutapa mbali inayo, ndipo amasinthana pokhapokha chithunzi chikatha. Mtengo wake ndi nthawi. Chithunzi chilichonse chimene chasungidwa chathunthu chimachedwetsa kanema ndi gawo limodzi mwa magawo 25 a sekondi, ndipo mawu nawo amayenera kuchedwetsedwa mofanana. Mukaona milomo ya wowerenga nkhani ikusiyana ndi mawu ake, penapake panjira wina wachedwetsa chithunzi osachedwetsa mawu molingana.

M'madikoda a masiku ano, kaya ndi Kiliye Kiliye kaya ya setilaiti, simudzapeza FIFO yapadera yotereyi. Muli IC yaikulu imodzi imene imagwira ntchito zonse, ndipo pambali pake pali ina ya DDR, yomwe ndi mtundu wa DRAM ija, yofanana ndi ya m'kompyuta. Ntchito ya memory yakula chifukwa chithunzi chimabwera chofinyidwa. Njira ya H.264, imene inatuluka mu 2003, situmiza chithunzi chilichonse chathunthu. Imatumiza chathunthu chimodzi, kenako kwa kanthawi imangotumiza zimene zasintha: kapinga ndi yemwe uja, mpira wokha ndiwo wasuntha. Zithunzi zina zimamangidwa kuchokera ku cham'mbuyo ndi cham'tsogolo chomwe, choncho cham'tsogolocho chimayenera kufika msanga n'kudikira m'nkhokwe. Ndiponso chithunzi cha anthu ovina m'bwalo chimafuna manambala ambiri kuposa cha munthu wokhala pampando, pamene njira yobweretsera ndi yomweyo, ndiye dikoda imayamba yaunjika kaye isanayambe kuonetsa. Ku situdiyo wofinya naye amaunjika. TV yanu nayo imasunga chithunzi chimodzi kapena ziwiri kuti ichikulitse chikwane sikirini. Mukaphatikiza zonsezi, masekondi aja a chigoli apezeka.

N'chifukwa chakenso mukasintha tchanelo pamada kaye. Dikoda imakhuthula zonse zimene inasunga, n'kudikira chithunzi chathunthu choyamba cha tchanelo chatsopano. Ndipo mvula ikagwa yamphamvu, timabokosi tija timene timadzaza sikirini ndi zidutswa za chithunzi chakale zimene dikoda ikubwereza poti zatsopano zatayika panjira. Pamenepo memory ikugwira ntchito yake bwino lomwe. Musathamangire kwa mmisiri.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimafuna eni mashopu a ku Limbe ndi m'tauni amvetse, chifukwa chimawapweteka. DRAM ndi memory yoiwala. Biti iliyonse ndi timagetsi tochepa tosungidwa m'kakapasita kakang'ono kwambiri, ndipo timadontha ngati madzi m'ndowa yobooka. IC imayenera kuwerenga ndi kulembanso mzere uliwonse pasanathe magawo 64 mwa magawo 1,000 a sekondi, pafupifupi ka 16 pa sekondi iliyonse, usiku ndi usana. Magetsi akangothima, zonse zapita. Bokosi la CCTV limayamba launjika zithunzi m'memory imeneyi lisanazilembe pa hadi disiki, ndiye wakuba akathimitsa magetsi, masekondi omaliza akhoza kusapezeka, mwinanso fayilo yonse yomaliza n'kukana kutseguka. Ndinaonapo mayi wina wogulitsa mafoni akugwetsa misozi chifukwa cha zimenezi: kamera inamuona munthu uja, koma chithunzicho sichinafike pa disiki. Ngati ndalama zili zochepa, ine ndimati gulani makamera atatu ndi UPS, kabokosi ka batire kamene kamapitiriza kupereka magetsi akathima, kusiyana ndi makamera anayi opanda UPS. Ndipo UPS-yo idyetse bokosi ndi makamera omwe.

Kutentha nako kumafulumizitsa kudontha kuja. Malamulo a DDR amati IC ikapitirira madigiri 85, kulembanso kuzichitika kawiri kuposa nthawi zonse. Mwezi wa Okutobala, m'nyumba ya malata ku Bangwe kapena ku Machinjiri, dikoda imene yavindikiridwa ndi kansalu koluka, ili pamwamba pa ampu, imavutika kwambiri. Kansaluko n'kokongola, koma kamatseka timabowo totulutsira mpweya. Kaikeni pansi pa dikoda, kapena pena.

Kunena zoona, pa madikoda ndi ma TV amene amafika pa benchi langa akuonetsa mizeremizere, mitundu yachilendo kapena kuima pa chizindikiro cha kampani, IC ya memory yeniyeniyo imakhala yakufa mwa apo ndi apo. Kawirikawiri wolakwa ndi magetsi amene akuidyetsa. DDR2 imafuna 1.8V, DDR3 imafuna 1.5V, ndipo pa magetsi ochepa chonchi kagwedegwede kakang'ono kamasandutsa 1 kukhala 0. Makapasita a pa bodi akauma ndi kutentha, kapena adaputa yoyamba ikapsa n'kulowedwa m'malo ndi ina yotchipa ya pamsika, kagwedegwedeko kamalowa. Wachiwiri ndi timipira ta mtovu tili kunsi kwa IC, timene timasweka chifukwa cha kutentha ndi kuzizira kwa tsiku ndi tsiku. Chizindikiro chake n'chakuti chipangizo chimayamba bwino, kenako n'kusokonekera chikatentha.

Ndiye mmisiri akakuuzani kuti memory yafa, mufunseni mwaulemu ngati wayeza magetsi a pa IC-yo, ngati wayang'ana makapasita otupa, ndiponso ngati wayesa ndi adaputa ina. Kusintha kapasita ndi ntchito ya mphindi zochepa. Kuchotsa IC ya DDR kumafuna makina a mpweya wotentha ndi dzanja lozolowera, ndipo pa dikoda yotchipa ndalama yake imayandikira ya yatsopano. Bambo a dikoda ya m'jumbo aja sindinawalipiritse kanthu. Ndinangopukuta fumbi la m'timabowo, n'kuwalangiza kuti tsiku la Maule ndi Manoma azikweza mawu a TV ndi kutseka zenera la kumbali ya aneba a wailesi.