Magiza a sola: amachokera kuti, nanga msika wake ukulowera kuti?

Anthu ambiri akamva za sola amangoganiza za mapanelo a magetsi aja, koma palinso sola ina yomwe siipanga magetsi olo pang'ono, ntchito yake ndi kutenthetsa madzi basi. Ndi ija mumaiona pamadenga ku Area 47 kapena ku Namiwawa, thanki yogona pamwamba, machubu akuda atandandana m'munsi mwake. Ife oyika zinthuzi timangoti giza ya sola.

Chubu chilichonse ndi magalasi awiri, lina mkati mwa linzake, pakati pake anapopamo mpweya wonse ngati mmene ilili fulasiki ya tiyi, ndiye kutentha kukalowa kumavutika kutuluka. Madzi akatentha amakwera okha kulowa mu thanki, ozizira n'kutsikira m'machubu, popanda pampu, popanda kudya yuniti ya ESCOM.

Machubu amenewa pafupifupi onse ndi a ku China. Pa zotenthetsera madzi za sola zomwe zikugwira ntchito dziko lonse, zoposa 70 peresenti zili ku China komweko, ndipo mafakitale akuluakulu ali m'mizinda ngati Dezhou komwe kuli kampani ya Himin, ndi Lianyungang kwa a Sunrain. Koma msika wa ku China komweko unafika pachimake mu 2013 kenako unayamba kutsika, chifukwa boma linasiya kuthandizira anthu akumudzi pogula, komanso ambiri anasamukira m'mafulati osanjikizana omwe denga ndi limodzi mabanja ali mbwee. Ndiye fakitale yoti inazolowera kupanga zambirimbiri itani? Imayang'ana kunja. N'chifukwa chake makontena akungobwera kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, katundu wabwino ndi wachabechabe atasakanikirana.

Ku Ulaya amakonda zafulati, bokosi la galasi lokhala ndi timapaipi ta kopa mkati, kampani yayikulu ndi GREENoneTEC ya ku Austria. Nakonso zapakhomo malonda ake anachepa, ndalama zikupita ku zikuluzikulu: ku Silkeborg ku Denmark mu 2016 anayala zoposa masikweya mita 150,000 pamunda umodzi kuti zizitumiza kutentha m'nyumba za mutauni. Mdani wamkulu wa giza ya sola ndi m'bale wake yemwe, panelo ya magetsi, yomwe mtengo wake unagwa ndi pafupifupi 90 peresenti kuyambira 2010 mpaka 2020, moti ena akungolumikiza mapanelo ku elementi ya giza ya magetsi kapena ku heat pump, makina otenthetsa madzi pokoka kutentha kwa mumpweya. Koma ine ndimauza makasitomala kuti kwathu kuno giza ya machubu ikadali ndi malo. Panelo imangogwira pafupifupi 20 peresenti ya mphamvu ya dzuwa pomwe machubu amagwira kuposa theka, ndipo safuna inveta kapena mabatire, magetsi azime asazime mwana asamba madzi ofunda m'mawa wa mu June.

Maiko ena anachita kuika lamulo. Israel inayamba mu 1980 kukakamiza nyumba zatsopano kukhala ndi magiza a sola, Zimbabwe mu 2019 inaletsa kuika magiza amagetsi atsopano. South Africa inayamba mu 2008 ndi rebate ya Eskom, kampani yawo ya magetsi, yobwezera ogula gawo la ndalama zawo, n'kulonjeza magiza 1 miliyoni, koma sinafikeko, ena masauzande omwe boma linagula anangokhala m'ma warehouse osayikidwa kwa zaka. Vuto silinali dzuwa ayi, anagula katundu asanakonzekere woyika ndi wokonza.

Apa ndi pomwe pamandipweteka mtima. Galasi lija sitingapange pano, limafuna ng'anjo zikuluzikulu, koma sitandi? Thanki? Owotcherera athu aku Ndirande ndi ku Mchesi atha kupanga atapatsidwa zitsulo zoyenera ndi muyezo wa MBS woti azitsata, m'malo moti forex yomwe ikusowa kaleyi izipita kukagula ma engo ayironi odulidwa ku China.

Mukapita kukagula musatengeke ndi kunyezimira kwa kunja. Funsani kuti thanki yamkati ndi stainless yanji, ya 304 ndiyo imapirira, ya 201 ndi yotchipa koma siichedwa kuchita dzimbiri n'kuyamba kudontha mowotcherera, makamaka ngati madzi anu ndi apamjigo amchere ngati a madera ena ku Chikwawa ndi Nsanje. Funsaninso ngati machubu apadera alipo, saizi yodziwika ndi 58mm kwa 1800mm, chifukwa limodzi likasweka pa giza ya low pressure, ija madzi amalowa m'machubu mwenimweni, madzi amathera pansi ndipo simuigwiritsanso ntchito mpaka mutapeza lina. Ndipo chonde, a water board akatseka madzi machubu n'kuuma padzuwa, musalole madzi ozizira alowe masana, galasi limaphulika pompo, dikirani usiku kapena m'mamawa. Dengalo nalonso aone kaye kalipentala, malita 200 a madzi ndi makilo 200, musanawerengere thanki, machubu ndi sitandi.