Kuyezetsa magazi pafupipafupi sikuwonjezera magazi

Pempho lomwe timalimva kwambiri m'zipatala zing'onozing'ono za muno mu Mzuzu ndi lakuti, "Adokotala, mungondiyezako magazi, mwina achepa." Mutu ukawawa, magazi. Thupi likalemera chifukwa chosagona bwino, magazi. Azachipatala ena nawo amangolemba FBC, kuyeza kounika magazi onse ku labu, m'kabuku kuti wodwala asanyamuke akudandaula.

Kuyezaku kuli pawiri. Kwina timabaya chala, dontho limodzi n'kuliika m'kamakina ka HemoCue, posakhalitsa nambala yatuluka. Kwina ndi FBC, yotenga magazi pamtsempha n'kupita nawo ku labu. Konseko kumadya ndalama. Kapulasitiki kotengera dontho kaja kamagwira ntchito kamodzi basi, pomwe mankhwala oyendetsera makina a FBC amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Kuchipatala cha boma simutulutsa kanthu m'thumba, koma zipangizozo zikatha zatha, ndipo amene angazisowe mawa ndi mwana wa malungo amene m'zikhato mwake mwayera kuti mbee.

Nambala imene timaiona ndi ya hemoglobin, chinthu chofiiritsa magazi chimene chimanyamula mpweya m'thupi. Malinga ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, magazi achepa ngati ili pansi pa 13 kwa abambo, pansi pa 12 kwa amayi, ndi pansi pa 11 kwa amayi oyembekezera. Oyembekezerawa asaphonye kuyezedwa ku sikelo. Chimodzimodzi aliyense amene akumva befu akangokwera kachitunda, mtima ukugunda mothamanga, m'zikope mwayera, kapena amene akutaya magazi ambiri pa msambo. Awa sitinyinyirika nawo.

Amene amandidetsa nkhawa ndi munthu woti tamupatsa mapiritsi a ayironi Lolemba, Lachisanu wafika kale ku kiliniki yolipira ku Katoto kapena ku Luwinga kuti akaone ngati magazi akwera. Thupi silipanga magazi mwa liwiro lotero. Mafuta a m'mafupa amafuna masabata kuti ntchito yake ioneke, n'chifukwa chake timati bwerani pakatha mwezi. Kuyezetsa msanga kumangobweza nambala yomwe ija, kapena yosiyana pang'ono chifukwa chala chinafinyidwa kwambiri pobaya. Munthu n'kukhumudwa, n'kusiya mapiritsi, ati sakugwira ntchito, n'kuyamba kuwiritsa masamba a mapeyala. Chikhalirecho mapiritsiwo amafunika kumwabe kwa miyezi itatu nambala itabwerera m'malo, kuti thupi lisungeko ayironi wina. Chimbudzi chikada musaope, ndi mapiritsiwo. Mapiritsiwo musamwere tiyi, amatchinga ayironi kulowa m'thupi.

Komanso nambalayo sinena chimene chikumaliza magazi. Mwana wobwera kuchokera ku Nkhata Bay amene amasambira m'nyanja, mkodzo wake ukhoza kutiuza za likodzo zimene FBC singatiuze. Wina ndi malungo obwerezabwereza, wina njoka za m'mimba, wina matenda a magazi obadwa nawo a sickle cell, amene ayironi sawathandiza. Bambo wachikulire akapezeka ndi magazi ochepa, funso ndi lakuti akutayikira kuti, ndipo nthawi zambiri timayamba kukayikira m'mimba ndi m'matumbo.

Palinso kuyeza kwina kodula, kwa ferritin, koona ayironi wosungidwa m'thupi. Munthu akakhala ndi malungo kapena matenda ena otenthetsa thupi, ferritin amakwera yekha ngakhale ayironi ali wochepa. Ngati mukulipira nokha, dikirani muchire kaye.