Bay leaf mutha kudzala pakhomo, bola mizu isakhale m'madzi

Timasamba touma tija mumagula m'mapaketi kuti muponye mu nyama kapena mu pilau, tija ndi masamba a mtengo weniweni, woti ukausiya utha kupitirira denga la nyumba. Dzina lake la sayansi ndi Laurus nobilis, kwawo ndi kumaiko ozungulira nyanja ya Mediterranean ndipo ambiri ogulitsidwa padziko pano amachokera ku Turkey. Ndi pachibale ndi mapeyala komanso sinamoni. Agiriki akale ankaluka masamba ake n'kuveka kumutu opambana masewera ku Delphi, mzinda wakale wa ku Greece.

Kuno ku Lilongwe umamera bwinobwino, kuzizira kwa June ndi July sikuuopsa olo pang'ono. Chimene chimaupha ndi madzi. Dothi lathu la katondo likakhuta mvula ya January limagwira madzi masiku angapo, mizu imayamba kuwola pansi inu osadziwa, mukungoona masamba akusanduka achikasu ndiye mwati mwina ludzu n'kuthiranso madzi ena, basi mwaumaliza. Ine alimi ndimawauza kuti yambani mu ndowa yakale kapena chigubu chodula pakati, mubooleni pansi mabowo ambiri, sakanizani dothi, mchenga wa kumtsinje ndi manyowa owola bwino. Musanathirire pisani chala m'dothimo, ngati muli chinyontho dikirani kaye. Amene muli kufupi ndi dambo musayerekeze kudzala pansi opanda kukweza mulu. Mu October dzuwa likalusa, kamtengo kakang'ono kasunthireni pomwe masana pamakhala kamthunzi.

Koma konzekerani kudikira, umakula mwaulesi zedi. Njere zake zimafa msanga zikauma, komanso mtengo waumuna ndi waukazi ndi yosiyana ndiye umodzi wokha subala njere. Njira yabwino ndi kudula kanthambi kokhwimirako, kotalika ngati masentimita 10 mpaka 15, kuchotsa masamba a m'munsi, kuzika mu mchenga wonyowa n'kuvindikira ndi pulasitiki pamthunzi. Miyezi imatha mizu isanatuluke ndipo zina zimakana ndithu, zikani zingapo.

Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika, masamba akuda ngati apakidwa mwaye, tembenuzani tsamba muone kunsi, mupeza tizilombo tomata tofiirira tosayenda. Pukutani ndi kansalu ka madzi a sopo, musathamangire mankhwala pa masamba oti mudya.

Pothyola sankhani okhwima, muyanike pamthunzi osati padzuwa, musunge mu botolo lotseka bwino. Tsamba limodzi kapena awiri akwana mphika wonse wa nyemba, liponyeni koyambirira lipse nazo, koma popakula lichotseni chifukwa silifewa, mwana litha kumutsamwa. Ena amaika mu mpunga kapena ufa ati kuthamangitsa anankafumbwe, m'kabotolo ka kukhitchini yesani, koma matumba a chimanga musadalire zimenezo.

Pogula mbande kwa ogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu, thyolani tsamba mufikise m'manja, lenileni limanunkhira moyandikira bulugamu ndipo lili ndi mtsempha umodzi pakati. La mitsempha itatu ndi la ku India, mtengo wina koma limadyedwa. Choopsa ndi oleander, duwa lija la masamba aatali owonda lotuluka madzi omata mukalithyola, limene lija ndi poizoni, lisayandikire mphika.