Kangaude wa minga sapha munthu

Pa WhatsApp kuno ku Salima pakuyenda uthenga woti kangaude wa minga akakubaya sufika madzulo. Ndi bodza limenelo. Dzulo ku Senga Bay ndinapeza ana akumuphwanya ndi mwala chifukwa cha mantha, ndipo zinandiwawa.

Tamuyang'anitsitsani ali pa ukonde wake wozungulira pakati pa mitengo ya mango: kamimba kolimba ngati chigoba cha nkhanu, kachikasu kapena kofiira, minga 6 m'mbali mwake. Ameneyo ndi wamkazi, wamwamuna ndi kakang'ono zedi. Mingayo ilibe ululu, ndi yongodzitetezera kwa adani. Asayansi anamuika m'banja la Araneidae, m'gulu la Gasteracantha, dzina la mu 1833 lotanthauza "mimba ya minga". Ululu wake wochepawo uli m'mano, wofoolera ntchentche ndi udzudzu zikakodwa mu ukonde.